PHUNZIRO LA WIKI INO: Filimu ya The Book of Eli, Tirigu Wake ndi Mankhusu Ake



Werengani: Amosi 8:11-12, Salimo 119:11

Achinyamata ambiri akhala akufunsa ati, "Kodi filimu ya The Book of Eli ni yachikhristu?" Tiyeni tiipete monga mmene amai amapetera mphale.

Filimuyi inatuluka mu 2010. Denzel Washington ndiye Eli, munthu amene wayenda pansi zaka 30 kupita kumadzulo kwa America, nkhondo yaikulu itaononga dziko. Madzi ni osowa, anthu ena afika podya anzao, ndipo mabaibulo anatenthedwa. Latsala limodzi chabe, m'chola cha Eli. Carnegie (Gary Oldman), amene alamulira katauni chifukwa adziwa kumene kuli madzi, alifuna bukulo.

ZABWINO ZAKE

1. Ionetsa njala ya Mau. Amosi anakamba za nthawi imene anthu adzafunafuna Mau a Mulungu osawapeza. Ise tili nao pa foni, koma kodi tinawatsegula liti?

2. Ivumbula mtima wa mbusa wonyenga. Carnegie safuna Baibulo kuti alape iai. Alifuna monga chida chogwirira anthu ofooka ndi osowa chiyembekezo. Abale, mzimu uyu ulipo lero. Munthu akakuwerengerani vesi, diso lake lili pa thumba lanu, kumbukirani 2 Petro 2:3.

3. Mapeto ake ni amphamvu. (Amene simunaione, mundikhululukire.) Carnegie alanda bukulo, koma politsegula apeza kuti linalembedwa m'zilembo za akhungu, zowerenga ndi zala. Sangawerenge olo mzere umodzi. Eli, ali ndi bala la mfuti, afika ku chisumbu cha Alcatraz manja ali chabe, nayamba kunena Baibulo lonse pamtima, wina akulemba. Anamulanda pepala, Mau anali mkati.

ZOFOOKA ZAKE

1. Magazi achuluka maningi. Eli ateteza Baibulo ndi chikwanje ndi mfuti, ndipo filimu ichita kukometsa kupha kuja. Koma Petro atasolola lupanga, Yesu anamuletsa (Mateyu 26:52). Chonde makolo, iyi si filimu yoonera ndi ana.

2. Eli aona mzimai akuchitidwa nkhanza pamseu, abisala, adziuza kuti si nkhani yake. Ameneyu ni wansembe wa pa Luka 10, osati Msamariya. Zoona, pambuyo pake avomera yekha kuti anatanganidwa ndi kusunga buku, naiwala kuchita zimene bukulo likamba. Koma mzimai uja zinamuthandiza chiani?

3. Baibulo litasindikizidwanso, aliika pa shelefu pakati pa mabuku a zipembedzo zina, monga chuma chakale chofunika kusunga. Kwa ise Baibulo si katundu wa mu myuziyamu. Litilozera kwa Yesu wamoyo (Yohane 5:39).

4. Baibulo lonse m'zilembo za akhungu limadzaza mabuku ambirimbiri, silingakwane m'chola chimodzi. Apa opanga filimu anatinamiza pang'ono.

Manje yankho ni lotani? Si ulaliki, ni filimu ya Hollywood. Musatengemo chiphunzitso, koma funso lake mulitenge: malaiti akapita masiku atatu, foni yazima, ni mavesi angati amene angatsale mwa inu? Mwana akadwala pakati pa usiku, simudzayamba kusakila chaja. Mudzapemphera ndi zimene zili kale mumtima.

ZOCHITA WIKI INO
Lowezani Salimo 23 lonse, vesi imodzi tsiku lililonse kuyambira pa Mande mpaka pa Chiweru. Pa Sondo tidzanenera pamodzi, mafoni ali m'thumba. Ndipo mukaona munthu ali pamavuto, musalambalale.

PEMPHERO
Atate, lembani Mau anu mumtima mwanga, pamene mbala singafike. Ndithandizeni kuwachita, osati kuwanyamula chabe. M'dzina la Yesu, Amen.

Tumizirani m'bale mmodzi uthengawu. Mukhale odalitsika!