Phunziro la Mwezi Uno: Dzina la Davide

Abale, mwa ana aamuna amene makolo amadza nao ku ubatizo, ambiri amatchedwa Davide. Tiyeni tiphunzire za dzinali, pakuti sikuyenera kusenzetsa mwana katundu amene ife eni sitidziwa kulemera kwake. Dzinali ndi la Chihebri, ndipo tanthauzo lake ndilo wokondedwa.

1. Mfumu Davide. Iye anali mwana wotsiriza wa Jese, mbusa wa nkhosa ku Betelehemu. Samueli anamdzoza pamaso pa akulu ake, ndipo anakhala mfumu zaka 40: zaka 7 ku Hebroni, ndi zaka 33 ku Yerusalemu. Koma mfumu yomweyo inatenga mkazi wa Uriya, niphetsa mwamunayo kunkhondo. Dzina lokoma silinamtchinjirize ku choipa. Chomkumbukira nacho ndi ichi, kuti pomdzudzula mneneri Natani, iye sanakane mlandu, koma analapa.

2. Midzi ya dzinali. M'Buku Lopatulika midzi iwiri itchedwa mudzi wa Davide. Wina ndi Betelehemu, kwao kwa Davide, kumene Ambuye anabadwira. Wina ndi linga la Ziyoni, limene iye analanda kwa Ayebusi. Kutsidya kwa nyanja, m'dziko la Wales, ulikonso mudzi wotchedwa St Davids, wokumbutsa bishopu wakale amene anthu a kumeneko amamkumbukira pa 1 March.

3. A Davide atatu a kuno kwathu. David Livingstone anabadwa mu 1813 ku Blantyre wa ku Scotland, nagwira ntchito m'nyumba yopota thonje akali mwana. Anafika ku nyanja yathu mu 1859, naona anthu ali m'magoli a ukapolo, nauza dziko lonse za choipacho kufikira imfa yake kwa Chitambo mu 1873. David Clement Scott, pamodzi ndi anthu a kuno, anamanga nyumba yaikulu ya Mulungu pa Blantyre wathu kuyambira 1888 kufikira 1891, nasonkhanitsa mau a Chimang'anja m'buku limene linatuluka mu 1892. David Kaunda, mwana wa dziko lino, wophunzira ku Livingstonia, anasiya kwao nakaphunzitsa Abemba ku Chinsali. Ndipo mwana wake Kenneth anakhala mtsogoleri woyamba wa Zambia mu 1964.

Taonani, mbusa, wopota thonje, womanga ndi mphunzitsi: onsewo dzina limodzi, koma sanamveke chifukwa cha dzinalo. Ntchito zao ndizo zinalikometsa. Chifukwa chake, makolo inu, potcha mwana Davide musayese kuti mwatha ntchito, mwangoiyamba. Mumphunzitse kugwirira ena ntchito, ndi kuvomera akalakwa.

Mafunso: Kodi Davide anachitanji pomdzudzula Natani? Tchulani midzi iwiri ya Davide. Nanga dzina lanu la ubatizo litanthauzanji, ndipo anzanu pamudzi amaliona mwa inu kodi?