Dzina lanu likakhala pa botolo, mlandu ndi wanu

Alimi anzanga, masiku ano magulu ambiri sakungogulitsa mtedza wosenda. Akupanganso chiponde, nsinjiro ndi mafuta ophikira, n'kumata dzina la gulu pa botolo. Phindu lilipo ndithu, koma dziwani kuti munthu akadwala chifukwa cha katundu wanu angathe kukusumirani ku khoti, ndipo chipukuta misozi chake chingathetse gulu lonse.

Mdani woyamba ndi chuku, chomwe chimagwira mtedza ndi chimanga. Poizoni wake, aflatoxin, amaononga chiwindi ndipo satheratu ngakhale mtedzawo muukazinge. M'chaka cha 2004 anthu 125 anamwalira ku Kenya atadya chimanga chachuku.

Wachiwiri ndi tizirombo totsekula m'mimba ta salmonella. Ku America, m'zaka za 2008 ndi 2009, chiponde cha kampani ya Peanut Corporation of America chinadwalitsa anthu oposa 700 ndipo 9 anamwalira. Kampaniyo inagwa, ndipo mu 2015 mwini wake, Stewart Parnell, analamulidwa kukakhala kundende zaka 28 poti ankagulitsa katunduyo akudziwa kuti ngoipa.

Pofuna kudziteteza, opanga katundu amagula inshuwalansi yapadera. Amapereka ndalama chaka ndi chaka, ndipo wogula akadwala kampani ya inshuwalansi imalipira chipukuta misozi ndi maloya, kulekeza pa mlingo womwe anagwirizana. Koma siilipirira munthu wogulitsa dala chinthu choipa. Kawirikawiri ndalama zokachotsera katundu m'magolosale sizikhalamo, choncho funsani musanasaine.

Inshuwalansi imathandiza wosamala. Chitani izi:

1. Umitsani bwino mtedza, ndipo musauwaze madzi pouswa.
2. Chotsani wofota, wofumbwa ndi wachuku. Umenewu musapangire nsinjiro kapena kudyetsa ana.
3. Sambani m'manja, tsukani makina, ndipo makoswe ndi nkhuku zisafike pogwirira ntchito.
4. Kayezetseni katundu wanu ku bungwe la Malawi Bureau of Standards musanapite naye pa msika.
5. Lembani pa botolo tsiku lopangira ndi lothera ntchito, ndipo m'kope lembani mlimi amene anakugulitsani mtedzawo. Vuto likapezeka mudzataya mabotolo a tsiku limodzi, osati onse.

Kope limeneli ndiye mboni yanu ku khoti ndi kwa a inshuwalansi. Pa msonkhano wotsatira wa gulu lanu, sankhani munthu woti azilisunga.