Mwana akamalavula masamba

Dzinja likafika, kumapiri a ku Dowa ndi ku Ntchisi ndiwo zamasamba sizisowa. Bonongwe amamera yekha kuseri kwa khola. Chisoso chimadzaza m'mizere ya chimanga, nkhwani n'kuyanga pachulu. Koma mwana wa zaka ziwiri mukamupatsa, amakwinya nkhope, n'kulavulira pachitenje panu. Agogo amati, "Ameneyu ndi wamwano." Si mwano ayi. Nkhani ili palilime.

Mwana amabadwa wokonda zotsekemera, monga mkaka wa m'mawere. Zowawa amazimva msanga kuposa munthu wamkulu. Luni amene inu mumadya mukunyambita zala, kwa iye ali ngati mankhwala. Choncho musayambe ndi luni kapena mpiru. Yambani ndi nkhwani kapena bonongwe wanthete.

Lilime limaphunzira polawa, ndipo kulawa kamodzi sikukwana. Ana ambiri amazolowera chakudya chatsopano atachilawa kakhumi kapena kupitirira, pa masiku osiyanasiyana. Ambirife timagwa ulesi akatikanira katatu. Akakana lero, chotsani mbale osakalipa. Mkuja mupatseninso kasupuni kamodzi. Kumupana m'miyendo ndi kumutsina mphuno kumangomuphunzitsa kuti masamba amabwera ndi misozi. Akhozanso kutsamwa.

Kaphikidwe nako ndi kofunika. Masamba obiriwira kwambiri ali ndi zinthu zimene thupi limasandutsa vitamini A. Vitamini ameneyu amateteza maso, amathandizanso thupi kulimbana ndi matenda. Koma salowa bwino m'thupi ngati chakudya chilibe mafuta. Apa ndi pamene nsinjiro zimagwira ntchito. Kutendera kumachepetsa kuwawa, kumafewetsa ndiwo, ndipo kumapereka mafutawo. Mtedza timalima tokha, kuyambira ku Mponela mpaka ku Malomo. Mavenda akabwera ndi sikelo zawo, tisagulitse wonse. Soda ndi chidulo zimafewetsa masamba mofulumira, koma zimawononga mavitamini ena. M'ndiwo za mwana musathiremo.

Pali chizolowezi china chimene chimatinyenga: kusunsa mbamu ya nsima mumsuzi, n'kunena kuti mwana wadya ndiwo. Wadya msuzi basi. Masamba enieniwo atsala mumphika. Mwana akakwana miyezi 6, sinjani masamba ophika, muthire m'phala lake la mgaiwa, uku akuyamwabe.

Mimba ya mwana ndi yaing'ono. Akadya kamba ndi kumwa zotsekemera nkhomaliro ili pafupi, masamba sapezamo malo. Mupatseni mbale yakeyake kuti muone wadya zochuluka bwanji, chifukwa m'mbale imodzi ndi akulu ake amatsala m'mbuyo. Koma akhale pamphasa pomwepo, aziona ena akudya. Bambo akamakankha mbale n'kumati, "Masamba ndi a mbuzi," mwana wamva.

Kusikelo ya ana, alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa magulu 6 a zakudya. Masamba ndi gulu limodzi, lofunika tsiku lililonse, ngakhale mu Okutobala pamene minda yauma ndipo ndiwo zatsala kumadimba kokha. Kukonzekera kwake kumayamba mu Malichi, masamba akadali mbwee. Futsani nkhwani ndi khwanya, muyanike pamthunzi pomwe pakupita mphepo, chifukwa dzuwa limawononga vitamini A. Mfutso ukauma, sinjani wina ukhale ufa, musefe, musunge m'botolo lotseka bwino. Supuni imodzi ya ufawo ilowe m'phala la m'mawa, pamodzi ndi nsinjiro.