Laputopu Yatsopano Ikukana Seva Yakale: Mafunso ndi Mayankho

Maofesi ambiri, a boma, a mipingo ngakhalenso a mabungwe, akudalirabe seva imene inaikidwa zaka zoposa khumi zapitazo. Sevayo imagwira ntchito mwakachetechete mpaka tsiku limene ofesi yagula malaputopu atsopano, ndiye mavuto n'kuyamba: malaputopuwo amakana kulowa mu domain ya pa ofesi. Kabukuka talembera inu amene mwapatsidwa udindo wosamalira makompyuta a pa ofesi, kaya munaphunzira ntchitoyi kaya inangokugwerani.

Kodi domain n'chiyani?

Ili ngati kaundula wa a nyakwawa: mlendo salandira malo pamudzi asanalembedwe. Seva yotchedwa domain controller ndiyo imasunga mayina a ogwira ntchito, mapasiwedi awo ndi makompyuta onse ovomerezeka. Pa madomain akale pali mitundu iwiri. Wina ndi wa Windows NT 4.0 ya mu 1996, umene pulogalamu ya Samba 3 pa Linux imatsanzira. Winawo ndi Active Directory, imene inabwera ndi Windows 2000. Musanakhudze laputopu, yambani mwadziwa kuti yanu ndi ya mtundu uti.

Ndafufuza paliponse, koma malo olembapo dzina la domain ndi otseka. Chalakwika n'chiyani?

Onani mtundu wa Windows. Malaputopu ambiri a m'mashopu amabwera ndi Windows Home, ndipo Home silowa mu domain, zivute zitani. Pamafunika Pro, Enterprise kapena Education. Mukagula laisensi ya Pro, mumangosintha kiyi popanda kufufuta kalikonse. Ogula katundu a pa ofesi azifunsa zimenezi asanalipire, chifukwa mtengo wotsika uja umadzabwezedwa pa laisensi.

Pa Pro, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani sysdm.cpl, kenako sankhani Change. Dzina la kompyuta lisapitirire zilembo 15.

Intaneti ikugwira bwinobwino, koma uthenga ukuti domain controller sakupezeka. Zikutheka bwanji?

Apa ndi pamene anthu ambiri amataya tsiku lathunthu. Laputopu simapeza seva mwa kungoona kuti zili m'chipinda chimodzi. Imafunsa DNS, imene imauza makompyuta maadiresi a anzawo, kuti, kodi woyang'anira domain yakutiyakuti ali pa adiresi iti? Ngati laputopu ikutenga DNS kuchokera ku rauta ya kampani ya intaneti, kapena wina anailembera 8.8.8.8 ya Google, funsolo limapita kwa amene sanamvepo n'komwe za seva yanu. Facebook itseguka, imelo ilowa, koma domain ayi.

Lembani ipconfig /all muone mzere wa DNS Servers. Payenera kuoneka adiresi ya seva ya pa ofesi, osati ina. Sevayo ndiyo izipititsa kunja mafunso a pa intaneti. Zikakanikabe, tsegulani faelo ya NetSetup.log mu C:\Windows\debug. Mmenemo Windows imalemba sitepe iliyonse ndi pamene yakakamira, ndipo mizere yomalizira ndiyo imaulula vuto.

Tsiku lolowetsa laputopu gwiritsani ntchito waya, osati Wi-Fi. Malaputopu opyapyala a masiku ano ambiri alibe pobayira waya wa netiweki, choncho ofesi ikhale ndi kachipangizo ka USB kolumikizira wayayo. Mwini laputopu alowenso koyamba ali pa ofesi pomwepo, kuti dzina lake lisungidwe n'kumatha kutsegula ali kunyumba.

Pasiwedi ndi yolondola, nanga ikukanidwiranji?

Yang'anani wotchi. Active Directory imagwiritsa ntchito njira yotsimikizira anthu yotchedwa Kerberos, imene imakana ngati nthawi ya laputopu ndi ya seva zasiyana ndi mphindi zoposa 5. Nthawi zambiri yolakwa ndi seva. M'kati mwake muli kabatire kozungulira ngati kandalama kachitsulo, kawirikawiri ka CR2032, kamene kamasunga nthawi makina akazima. Kakatha mphamvu, magetsi akangothima n'kuyakanso, seva imadzuka ili m'chaka china. Kuno kwathu kumene magetsi amathimathima, kabatire kameneka nkofunika kukasintha msanga.

Dziwaninso kuti wogwira ntchito wamba amaloledwa kulowetsa makompyuta 10 okha. Akakwana, gwiritsani ntchito dzina la woyang'anira domain.

Seva yathu ndi Windows Server 2003. Ena akuti tingoyatsa SMB1 pa laputopu. Kodi n'zoona?

N'zoona kuti nthawi zina zimathandiza, koma mvetsani chimene mukutsegula. SMB ndi chilankhulo chimene makompyuta a Windows amagawirana nacho mafaelo ndi maprinta. Server 2003 imadziwa SMB1 yokha. SMB2 inabwera ndi Windows Vista ndi Server 2008. Kuyambira pa Windows 10 ya 1709, m'chaka cha 2017, Microsoft inayamba kusiya kuika SMB1 pa makompyuta atsopano.

Sinachite zimenezi mwa nkhanza. Mu Meyi 2017, kachilombo ka WannaCry kanadutsa pa chibowo cha SMB1 n'kumanga mafaelo a makompyuta m'mayiko oposa 100. Ku Britain zipatala za NHS zinabweza odwala chifukwa madokotala sankatha kutsegula mafaelo awo. Tsono laputopu si kompyuta ya pa desiki imene imagona mu ofesi. Imapita ku misonkhano ya ku nyanja, ku maloji, ku bwalo la ndege, n'kumalumikizidwa pa Wi-Fi iliyonse. Zimene yatola kumeneko imabwera nazo Lolemba kwa seva imene Microsoft inasiya kuikonza pa 14 Julaye 2015.

Ngakhale mutayatsa SMB1, khomo likunka litsekeka. Windows 11 ya 24H2 inachotsamo NTLMv1, njira yakale yotsimikizira pasiwedi, ndipo imafuna kuti mauthenga a SMB azikhala osainidwa. Chimene chagwira lero chikhoza kufa Windows ikadzikonzanso mwezi wamawa.

Nanga ife a Samba 3?

M'nthawi ya Windows 7 anthu ankasintha zinthu ziwiri mu registry, pansi pa LanmanWorkstation\Parameters: DomainCompatibilityMode kukhala 1, ndi DNSNameResolutionRequired kukhala 0. Zinkathandiza ndithu. Koma domain ya mtundu wa NT4 si yomangapo tsogolo. Samba 4.0, imene inatuluka mu Disembala 2012, imatha kukhala Active Directory yeniyeni, ndipo lamulo la samba-tool domain classicupgrade limasamutsa mayina ndi mapasiwedi onse. Samba salipiritsa laisensi. Yesani kaye pa kompyuta yapadera, mutasunga kope la zonse.

Ndiye abwana tiwauze chiyani?

Auzeni kuti laputopu sinawonongeke, yakalamba ndi seva. Server 2008 R2 inasiya kukonzedwa pa 14 Januwale 2020, Server 2012 R2 pa 10 Okutobala 2023. Ngati ndalama sizinapezeke, malaputopu atsopano angayambe agwira ntchito kunja kwa domain, kusiyana n'kuwafooketsa chitetezo kuti agwirizane ndi makina akale. Inu abwana, m'seva imeneyo muli malipiro a antchito, makalata a ofesi ndi mayina a anthu amene mumawatumikira. Ikani ndalama ya seva yatsopano mu bajeti ya chaka chino.