Musanalumikize Laputopu pa Pikapu ya Mwini

Aphwanga, inu amene mukuphunzira umakaniko kuno kwa Mavwere, pa Waliranji ndi m'timagalaja ta m'mbali mwa msewu wa M12, mwaipeza ntchitoyi itasintha kale. Ife tinakulira pa Hilux ya injini ya 3L ndi 5L. Ikafooka pachitunda, munthu ankatenga sipanala n'kupotokola pang'ono sikuluwu ya mafuta pa pampu, nkhani n'kuthera pomwepo. Ma D-4D a lerowa, ma Isuzu KB a D-Teq, ma Ranger ndi ma Hardbody a YD25 alibe sikuluwu imeneyo. Wogawa mafuta ndi kompyuta bokosi, ndipo mnyamata aliyense amene wapeza laputopu ndi chingwe cholowetsa pa soketi ya OBD, ija ya mapini 16 pansi pa chiwongolero, mawa lake anthu ayamba kumutcha katswiri. Laputopu sindidana nayo ayi. Chimene chimandiwawa ndi kuona pikapu yogulidwa ndi fodya wa zaka zingapo itakhalira pa njerwa, injini ili pansi, chifukwa cha fayilo imene wina anaikopera pa intaneti usiku umodzi.

Mapikapu a kwathu kuno mukuwadziwa. Ndi a ogula soya ndi mtedza m'midzi, a alimi otengera mabelo ku Kanengo. Mwini wawonjezera masipulingi, wawotcherera zitsulo zazitali kumbuyo, waika matayala aakulu oti aziwolokera madambo nthawi ya dzinja. Ena afika poika turbo yozulidwa pa galimoto ina, intercooler yaikulu ndi ekizozi yotakata. Akatero amabwera nati, "Amakaniko, ndiikireniko mphamvu." Mvetsani bwino pempho limeneli. Pikapu zambiri za mtunduwu zinapangidwa kuti zizinyamula pafupifupi tani imodzi, ndiye kuti matumba 20 a makilogalamu 50, dalaivala ndi anyamata okweza katundu akuwerengedwa momwemo. Munthu wozolowera kusanja matumba kuposa pamenepo akamapempha mphamvu, kwenikweni akufuna kuti galimoto ileke kudandaula. Koma kudandaulako n'kumene kwakhala kukuisunga.

Choncho laputopu iyambe yakhala m'chikwama. Tulutsani fyuluta ya mpweya muione, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, pamene fumbi la m'misewu yathu limakhala ngati ufa. Tsatirani mapaipi onse ochoka pa turbo, mufufuze pong'ambika ndi kilampu yomasuka. Suzumirani pakati pa rediyeta ndi intercooler, pamene pamabisala makoko a soya ndi njere za udzu. Yezani kompulesheni. Makina oyezera matenda a galimoto amaonetsanso mmene kompyuta ikuwonjezerera kapena kuchepetsera mafuta pa injekita iliyonse pofuna kuti injini iziyenda mosalala, ndipo injekita imene nambala yake yatalikirana ndi anzake ndiye yodwala. Ngati mainjekita anasinthidwapo, onani ngati manambala aatali olembedwa pamutu pake analowetsedwa mu kompyuta, chifukwa ambiri amangomanga n'kuliza injini. Pikapu zambiri zobwera kudzafuna mphamvu zimaipeza pomwepa, popanda kukhudza pulogalamu.

Chizolowezi chimodzi cha ife akale muchisiyiretu: kumasula paipi ya injekita injini ikulira pofuna kumva silinda yakufa. Mu tayala mumakhala mpweya wa ma bar awiri kapena atatu. Mu paipi ya common rail dizilo amafika ma bar 1,600 kapena kuposa. Kamadzi kotuluka pamenepo kamaboola khungu, ndipo chala chimatha kudulidwa kuchipatala.

Injini ikapezeka yabwino, chotsatira ndi kuwerenga fayilo imene ili mu kompyuta bokosi ndi kuisunga musanasinthe kanthu. Isungeni malo awiri, pa laputopu ndi pa flash, mutalembapo nambala ya galimoto ndi tsiku. Polemba fayilo yatsopano, batire la galimoto likhale pa chaja yodalirika, ndipo laputopu ikhale yodzaza moto, pakuti magetsi athu satsazika akamapita. Kulemba kukadukira panjira, kapena mukalemba fayilo imene checksum yake, nambala yotsimikizira kuti fayiloyo ndi yathunthu, sinakonzedwe, kompyuta bokosi ikhoza kukhala chete osadzukanso. Kugula ina si kungomasula n'kumanga, chifukwa imayenera kugwirizanitsidwa ndi kiyi. Zida zowerengera ndi kulembera fayilo, KESS ndi K-TAG zenizeni, ndi za Alientech ya ku Italy ndipo mtengo wake ndi woboola m'thumba. Zotchipa zimene zimayenda m'manja mwa anyamata ndi zongokopera, ndipo palibe amene mungakamudandaulire zikakutayani pakati pa ntchito.

Tsono tifike pa mtima wa nkhani. Mu fayilo muja muli matebulo ambiri, amene ochuna amawatcha mapu. Ena amanena kuchuluka kwa mphamvu imene dalaivala akupempha akaponda pedulo. Ena amaika malire a mphamvu yopotokola pa liwiro lililonse la injini. Ena amalamula mpweya wa turbo, ena kupanikizika kwa dizilo mu rail, ena nthawi imene injekita itsegukire ndi kutalika kwa nthawi imene ikhale yotsegula. Ndiye pali amodzi amene anyamata amawada kwambiri, oletsa utsi, amene amakaniza kompyuta kuthira mafuta oposa mpweya umene walowa. Onsewa ndi omangirirana. Mukakoka amodzi, ena onse amasuntha.

Wophunzira aliyense amathamangira kuwonjezera mafuta, chifukwa zotsatira zake zimamveka pampando nthawi yomweyo. Koma mayi aliyense wophika pa mafuwa akudziwa kuti kupanikiza nkhuni popanda mpata wa mphepo kumangodzaza khitchini ndi utsi. Kuti kilogalamu imodzi ya dizilo ipse yonse pamafunika makilogalamu a mpweya pafupifupi 14.5, ndipo injini ya dizilo imafuna woposa apo: mpweya ukatsikira cha pa 17 kapena 18 pa kilogalamu ya mafuta, utsi wakuda umayamba kuoneka. Utsi umene anyamata a pa siteji amauwombera m'manja ndi dizilo wogulidwa ndi ndalama amene watuluka osagwira ntchito. Choipa kwambiri n'chakuti mafuta ochulukawo amapitiriza kupsa mochedwa, moto n'kumatsatira mpweya wotuluka kukafika pa mavavu ndi pa turbo.

Apa mpamene ndimaumirira chinthu chimodzi: musachune pikapu yonyamula katundu popanda geji ya EGT, yoyeza kutentha kwa mpweya wotuluka mu injini. Geji ya madzi ya pa dashibodi isakunamizeni. Imasuntha mochedwa, ndipo ikamafika pofiira zinthu zimakhala zitaonongeka kale. Sensa ya EGT iikidwe pa manifodi, mpweya usanalowe mu turbo, chifukwa kuseri kwa turbo umakhala utazizirako ndi madigiri 100 kapena kuposa, ndipo geji imakuuzani kuti zonse zili bwino pamene sizili choncho. Ochuna osamala salola kuti kutenthaku kukhalitse pamwamba pa madigiri 700. Aluminiyamu, imene amapangira mapisitoni ambiri, imasungunuka pa madigiri 660. Pisitoni imapulumuka chifukwa cha oyilo wopoperedwa kunsi kwake ndi mpweya wozizira wolowa mwatsopano, koma imayamba kufooka kalekale isanasungunuke. Siifa tsiku lochuna. Imadikira mwezi wa Okutobala, galimoto itadzaza, ikukwera kuchokera ku Salima kapena pa zitunda za ku Dedza, dalaivala ataponda mpaka pansi pa giya yaikulu. Pamenepo mng'alu umatseguka, ndipo mwini amakuimbirani foni kuti injini yanoka.

Opanga galimoto eni ake amatiphunzitsa dongosolo. Injini ya 2KD ya Toyota, ya malita 2.5, inatuluka ya 75 kW pa ma Hilux ena ndi ya 106 kW pa ena. Kusiyanako sikunali kwa fayilo yokha. Yamphamvuyo inali ndi intercooler ndi turbo ya timapiko tosuntha. Anayamba apezera injini mpweya wochuluka ndi wozizira, mafuta n'kubwera pambuyo. Inunso tsatani momwemo. Ndipo ngati mwini anaika turbo yaikulu kuposa yoyamba, dziwani kuti imachedwa kudzuka. Mukathira mafuta ambiri injini ikadali pa liwiro lotsika, turbo isanayambe kupuma, mupeza utsi, kutentha, ndi kilatchi yoterereka.

Mapu awiri amene muwaope kwambiri ndi a kupanikizika kwa rail ndi a nthawi yothira mafuta. Kukweza rail kumatopetsa pampu ndi mainjekita, zinthu zodula kuposa china chilichonse pa injiniyo. Timabokosi totchipa tolumikiza pa waya wa sensa timachita zomwezo mwakabisira: timanamiza kompyuta kuti rail yatsika, iyo n'kumakweza. Musatisokoneze ndi zida ngati Unichip ya Dastek ya ku Pretoria, imene amaichuna pa galimoto iliyonse payokha. Kufulumizitsa nthawi yothira nako kumapatsa mphamvu ndi kutsitsa EGT pang'ono, n'chifukwa chake kumanyenga, koma kumakweza kupanikizika mu silinda. Gasiketi ya hedi ndi mabering'i ndi amene amalipira.

Fayilo ya pa intaneti vuto lake n'lakuti inalembedwera galimoto ina, kwina. Tinene kuti inachunidwa ku Durban, m'mphepete mwa nyanja, pa pikapu yopanda katundu yomwa dizilo woyera wa pa filing'i siteshoni. Kuno tili pamtunda wa mamita oposa 1,000, ndipo mpweya ndi wopepukirapo ndi gawo limodzi mwa magawo 10 kapena kuposerapo. Kuti turbo ifikitse mpweya umene fayiloyo ikulamula, iyenera kuzungulira mofulumira kuposa kunyanja, chonsecho turbo yaing'ono imazungulira kale maulendo oposa 100,000 pa mphindi. Onjezanipo nkhani ya mafuta. M'zaka zapitazi, mafuta atasowa, ndani mwa eni mapikapu amene sanathirepo wa m'zigubu? Wina amakhala ndi madzi, wina fumbi, wina wosakaniza ndi palafini, amene satereretsa pampu ngati dizilo. Malire amene opanga galimoto anasiya mu fayilo, aja anyamata amati ndi mphamvu yobisidwa, anasiyira masiku ngati amenewo. Mukawadya onse, chigubu chimodzi choipa chikwanira.

Pali chinyengo china chimene ndikuchiona chikufala. Galimoto ikachunidwa mopyola, kompyuta imadziteteza: imayatsa nyale pa dashibodi n'kudula mphamvu. M'malo mobweza manambala, mnyamata amalowa mu fayilo n'kufufuta khodi yodandaulayo. Nyale yazima, mwini wasangalala, koma mlonda wachotsedwa pachipata.

Za EGR ndi DPF ndinene mosabisa. Ndikudziwa chifukwa chake eni galimoto amafuna zitsekedwe. EGR imabweza utsi wina mu injini, ndipo mwaye ukasakanikirana ndi nthunzi ya oyilo umatseka manifodi. DPF, sefa yogwira mwaye mu ekizozi ya galimoto zobwera kuchokera ku UK, imafuna ulendo wautali wothamanga kuti idziyeretse, osati kuyenda pang'onopang'ono kuchoka pa sikelo ina kupita pa ina. Koma zinthuzi sanaziikire kukongoletsa. Mu 2012 bungwe la IARC, la pansi pa WHO, linaika utsi wa dizilo m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa. Amene amaupuma pa Waliranji tsiku la msika ndi amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu, ana ali kumbuyo, ndi akabaza otsatira pikapuyo. Manifodi imatheka kumasulidwa n'kutsukidwa. Ndi ntchito yakuda ya tsiku lonse, n'chifukwa chake ambiri amasankha laputopu.

Musaiwale kuti mwawonjezera mphamvu yokoka yokha. Kilatchi, giyabokosi, difu ndi mabuleki ndi zomwe zija. Matayala aakulu nawo amanamiza sipidomita: mukachoka pa tayala la mainchesi 30.5 kupita pa 33, geji ikamati 80 galimoto imakhala ili cha pa 86, ndipo mabuleki amavutika kwambiri kuimitsa gudumu lalikulu. Pakati pa Namitete ndi Kamwendo pali njinga, ngolo, mbuzi ndi ana asukulu.

Kuno tilibe dyno, makina aja amene ku Joni amakwezapo galimoto n'kumayeza mphamvu itaima. Yathu ndi msewu. Kwezani matumba amene pikapuyo imanyamula masiku onse, sankhani chitunda chimodzi, wina aziyendetsa inu maso ali pa laputopu ndi pa geji ya EGT. Muziyesa masana dzuwa likuswa mtengo, osati m'mamawa kukuzizira. Sinthani chinthu chimodzi, pang'ono, mubwerere pa chitunda chomwecho, pa giya yomweyo, mulembe m'kope. Mukasintha zitatu nthawi imodzi simudzadziwa chimene chathandiza ndi chimene chaononga. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Utsi ukayamba kuoneka pagalasi kapena EGT ikamakwera osaima, bwererani pa sitepe yam'mbuyo, ndipo muchotseponso pang'ono chifukwa cha dalaivala waganyu amene sadzayang'ana geji.

Pomubwezera makiyi, mwini muuzeni zonse pamaso: kuti oyilo azisinthidwa msanga kuposa kale, kuti fyuluta ya dizilo isamadikire kutsekeka, kuti pachitunda azitsitsa giya m'malo mokakamiza, kuti akafika kuchokera pa ulendo wolemera injini izilira kaye mphindi ziwiri turbo izizire, ndiponso kuti a inshuwalansi akhoza kuvuta pa ngozi ngati sanauzidwe za kusinthaku. Akakana kugula geji ya EGT, ine ndimamubwezera fayilo yake yoyamba n'kumulipiritsa za sevisi yokha. Akavomera, lembani papepala zimene mwasintha, malire a mpweya wa turbo ndi a EGT amene mwasiya, ndi nambala yanu ya foni. Pepalalo likhale pamodzi ndi bluu buku, flash ya fayilo yoyamba ili momwemo, kuti makaniko wa ku Lilongwe kapena ku Chipata amene adzaitsegule pikapuyo ikadzafera kumeneko adzadziwe poyambira.