Wotchi Yokumbukira Njira Yobwerera

Kuyenda pansi ndi mankhwala osagula. Kumalimbitsa mtima ndiponso kumathandiza kupewa matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Nchifukwa chake timakondwera poona achinyamata ndi akulu omwe akukwera mapiri monga Zomba, Dedza ndi Mulanje. Koma ulendo wabwino ndi umene munthu wabwerako wamoyo. Mwezi uno tiphunzira za wotchi yamakono yotchedwa smartwatch, ndi m'mene ingatibwezere pamalo pamene tidayambira ulendo.

Kusokera m'phiri ndi nkhani ya zaumoyo. Pa Mulanje, amene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, nkhungu ya chiperoni imatha kugwa mwadzidzidzi, makamaka kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti, ndipo njira siionekanso. Munthu wonyowa akagona kunja, kutentha kwa thupi lake kumatsika kuchoka pa madigiri 37 mpaka pansi pa 35. Amanjenjemera, lilime limalemera, nzeru zimasokonezeka, kenaka amayamba kuwodzera. M'chaka cha 2009 mnyamata wa ku Brazil adatsikira mkuli waimfa motere atapita ku Sapitwa wopanda womperekeza.

Kodi wotchi imadziwa bwanji njira? Mumlengalenga, pamtunda wa makilomita oposa 20,000, mukuzungulira masetilaiti a GPS. Wotchi ikamva mauthenga ochokera ku masetilaiti anayi kapena kuposerapo, imawerengera malo amene muli. Ntchitoyi siilira intaneti kapena netiweki ya foni. Pamene mukuyenda, wotchi imalemba malo alionse amene mwadutsa, monga achitira mlenje pothyola tinthambi m'njira kuti adzazindikire pobwerera. Pa mawotchi a Garmin njira yobwererayi imatchedwa TracBack, ndipo pa Apple Watch imatchedwa Backtrack.

Tsono tsatani malangizo awa:

1. Dzazani batire musananyamuke. GPS imadya moto kwambiri, ndipo kuzizira kumafulumiza kutha kwa batire.

2. Pamalo oyambira imani poyera, dikirani kufikira wotchi itasonyeza kuti yapeza masetilaiti, ndipo muyambitse kulemba ulendo. Ili ndilo langizo lalikulu koposa. Wotchi siingakubwezereni m'njira imene siidalembe.

3. Mukaona kuti mwasokera, imani pomwepo. Musathamange. Imwani madzi, valani chofunda, mtima ukhale pansi, kenaka sankhani pa wotchi mawu obwerera koyambira.

4. Mawotchi ambiri amapereka njira ziwiri: kutsata mapazi anu, kapena kulunjika ngati chingwe. M'phiri sankhani kutsata mapazi anu. Muvi wolunjika sudziwa phompho, mtsinje wodzaza kapena thanthwe loterera.

5. Maso akhale panjira, osati pa wotchi pokha. M'zigwa zakuya ndi pansi pa mitengo yowirira wotchi imatha kuphonya ndi mamita angapo, ndipo m'mbali mwa phompho mamita ochepa omwewo angakhale moyo wa munthu.

6. Kukada, kapena nkhungu ikachuluka mwakuti simuona popondapo, funani malo otchinga mphepo, khalani moyandikana ndi anzanu, ndipo dikirani kuche.

Yesani zonsezi kwanu tsiku langozi lisanafike. Yendani kuchokera pakhomo kukafika kumsika kapena kudimba, ndipo mubwerere motsogozedwa ndi wotchi. Mukachita chomwechi kawiri kapena katatu, zala zanu zidzazolowera, ndipo simudzavutika m'mvula manja ali gwa ndi chisanu.

Potsiriza, wotchi ndi chida chabe. Imatha moto, imasweka, ndipo siinyamula munthu wothyoka mwendo. Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Chotero pokwera phiri lalikulu tengani woperekeza wodziwa malowo, uzani a kunyumba kumene mukupita ndi nthawi yobwerera, ndipo nyamulani madzi, chakudya, tochi ndi chovala chotchinga mvula. Amene alibe wotchi yotere asadandaule. Azicheuka kawirikawiri ndi kusunga m'mutu mitengo, miyala ndi mphambano, pakuti njira imaoneka mwina popita, mwinanso pobwerera.

Mafunso okambirana ndi anzanu: Kodi nchifukwa chiyani tiyenera kuyambitsa wotchi tisananyamuke? Nanga ndi zizindikiro ziti zosonyeza kuti mnzathu wazizidwa kopitirira muyeso?