Makalata a M'kompyuta Akakana Kutseguka

Masiku ano makalata ambiri sabwera pa positi. Amabwera m'kompyuta. Makalata ameneŵa timawatcha imelo. Mwina inu ndinu mlembi wa kalabu ya alimi ku Mitundu kapena ku Nathenje, ndipo ogula soya wanu amakulemberani motere.

Makompyuta ambiri a m'maofesi ali ndi pulogalamu yotchedwa Outlook. Imeneyi imasunga makalata m'failo imodzi, monga chimanga m'nkhokwe. Dzina la failoyo limathera ndi zilembo izi: pst kapena ost. Magetsi akazima mwadzidzidzi kompyuta ikugwira ntchito, failo ija ingathe kuwonongeka. Kukacha mutsegula Outlook, makalata osaoneka!

Musafufute kanthu ayi. Ambiri amalakwa pamenepa, chifukwa mtima ukakhala m'mwamba munthu amangodina paliponse. Yambani mwatseka Outlook. Kenaka koperani failo ija pa fulashi, ngakhale ndi yowonongeka.

Mukatero, funani kapulogalamu kotchedwa scanpst. Kamabwera pamodzi ndi Outlook, sikogula. Kasonyezeni failo ija ndipo dinani Start. Kakapeza zolakwika, dinani Repair. Nthaŵi zina muyenera kubwereza kaŵiri kapena katatu, ndipo makalata ena sabwerera.

Kodi adiresi yanu ndi ya Gmail? Tsegulani pa foni muone, pakuti kaŵirikaŵiri makalata amatsalanso pa intaneti. Zonse zikakanika, tengani fulashi ija mupite nayo kwa wokonza makompyuta mu Lilongwe. Kuchokera ku Likuni sikutali. Koma mtengo mugwirizane iye asanayambe ntchito.